Mnzake wa galu wamkota: kagalu, wamkulu wosowa pokhala, kapena angosiyidwa yekha?

Taiga atafa, Bulaki anakhala masiku atatu osakhudza mbale. Agalu awiriwa anakhala limodzi pakhomo pathu zaka 9. Sankagona pa chiguduli chimodzi, ndipo sindinawaonepo akusewera ngati ana, koma komwe wina walowera mnzakeyo ankalondola. Usiku Taiga ndiye ankayambitsa kuuwa cha kugeti, Bulaki n'kumavomera kuseri kwa nyumba. Tsopano woyambitsa nyimbo panalibe. Bulaki, wa zaka 11, imvi zili mbuu kukamwa, miyendo yakumbuyo youma m'mawa uliwonse, ankangogona pafupi ndi geti, chibwano pansi, maso kumsewu.

Sabata isanathe aliyense anali atabwera ndi nzeru zake. Mlamu wanga anati, "Alamu, mupezereni kamwana, kazimuthamangitsa, atsitsimuka ameneyu." Amayi a nyumba yakuseri anatumiza uthenga kuti galu wawo waswa, tikasankhepo. Mwana wanga wamkazi anali ataona kale kagalu koyera kaubweya wambiri pa Facebook ndipo dzina anali atakapatsa kale. Ine ndinazengereza miyezi iwiri, ndipo m'miyezi imeneyo ndi momwe ndinaphunzira zambiri zomwe ndalemba panozi.

Kuti galu amasowa mnzake si maganizo a eni ake chabe. Kafukufuku wina wa ku Italy, yemwe anatuluka mu 2022, anafunsa anthu 426 omwe anali ndi agalu awiri kapena kuposa, mmodzi n'kufa. Anthu 86 pa 100 aliwonse anati galu wotsalayo anasintha: ena anayamba kukakamira mwini wawo, ena anasiya kusewera, ena ankangogona, ena kudya kunachepa. Koma kuti galu akusowa mnzake amene wapita sizitanthauza kuti akufuna galu wina aliyense. Agogo amene aferedwa simuwabweretsera mwana wa zaka ziwiri kuti azigona naye kuchipinda.

Funso lina muyenera kudzifunsa nokha, mosadzinamiza: galu watsopanoyu mukufunira ndani? Ambiri aife tikamati tikufunira nkhalamba mnzake, pansi pamtima tikudandaula kuti nkhalambayo siikumvanso geti likamakhudzidwa usiku. Palibe cholakwika kufuna galu wolondera. Koma galu wolondera bwino ndi galu woti azikhala mwamtendere ndi nkhalamba nthawi zambiri sakhala galu mmodzi yemweyo, ndipo mukasakaniza zolinga ziwirizi wovutika ndi uja wakalambayo.

Yambani ndi a vetenale

Galu wamkota sakandira pachabe. Akasiya kudya, kapena akayamba kukwiya msanga, musathamangire kunena kuti ndi kusungulumwa. Mano ovunda, nyamakazi ya m'chiuno ndi m'mawondo, matenda obwera ndi nkhupakupa omwe amatha magazi pang'onopang'ono, makutu ogontha, maso ochita khungu, zonsezi zimaoneka ngati chisoni. Agalu a matupi akuluakulu monga Boerboel, Rottweiler ndi German Shepherd amayamba kukalamba ali ndi zaka 6 kapena 7, pomwe tiagalu tating'ono timafika zaka 10 tikadali tanthete. Choncho musaone zaka zokha. Mutengereni kwa dokotala wa ziweto amuone m'kamwa, amugwire m'mfundo, ndipo katemera wake akhale wa nthawi yake mlendo asanalowe. Galu yemwe akumva ululu amaluma wina aliyense womugunda, ndipo mukhoza kuganiza kuti agalu awiriwo sakugwirizana pomwe vuto ndi chiuno. Bulaki anamupeza ndi dzino losweka komanso nyamakazi. Atalandira chithandizo, theka la chisoni chake linatha lokha.

Pomwepa ndinenepo: musamupatse galu Brufen kapena mankhwala ena a ululu a anthu poganiza kuti mukumuthandiza. Brufen amaboola chifu cha galu ndi kuwononga impso. Mankhwala a nyamakazi ya agalu alipo ake, ndipo ndi a vetenale omwe amadziwa mlingo wake.

Kagalu

Iyi ndi njira yomwe anthu amaikonda, chifukwa ndi yapafupi komanso kagalu kamakoma m'maso. Zabwino zake zilipo ndithu. Galu wamkulu kawirikawiri saona kagalu ngati wodzamulanda ufumu, choncho ndewu yoopsa ya masiku oyamba imachepa. Kagalu kamaphunzira poonera: komwe timakodzera, nthawi yomwe geti limatsegulidwa, anthu omwe ndi a pakhomo. Ndipo ngati galu wanu wamkuluyo ali ndi zaka 7 kapena 8, akadali ndi mphamvu, amakonda kusewera ndi agalu ena, kagalu kakhoza kumubwezeradi unyamata.

Koma kagalu sikadziwa mawu oti basi. Kamaluma makutu, kukoka mchira, kukwera pamsana pomwe pali nyamakazi pomwepo, kulowetsa mutu m'mbale ya mnzake. Kamadzuka nthawi yomwe nkhalamba ikufuna tulo, ndipo nkhalamba imafuna tulo pafupifupi tsiku lonse. Galu wamkulu woleza mtima amangodzuka n'kusamukira kwina, kagalu n'kumutsatira, iye n'kusamukanso, mpaka mudzaona kuti malo ake okondedwa a pakhonde wawasiya ndipo akugona kuseri kwa thanki ya madzi. Wosaleza mtima amakaluma, ndipo pamenepo ana a pakhomo amakuwa, nkhalamba n'kukalipiridwa kapena kumenyedwa chifukwa chodziteteza. Chinanso chomwe anthu amaiwala n'chakuti kagalu sikakhala kagalu. Pakatha miyezi isanu ndi itatu muli ndi mnyamata wa makilogalamu 25 amene akungofuna kulimbana, pomwe winayo wawonjezera chaka pa ukalamba wake. Mpata wa mphamvu pakati pawo umangokulirakulira.

Ndiye pali nkhani ya komwe kagaluko kachokera. Ka kwa aneba, komwe mukuona mayi wake ndi malo ake, kali bwino, bola kasachoke kwa mayi wake kasanakwane masabata asanu ndi atatu. Ka pamsewu, kaja amakanyamula m'mwamba anyamata pamphambano dzuwa lili phwee, ndi nkhani ina. Ndinagulapo kamodzi zaka zapitazo, ndikuuzidwa kuti ndi German Shepherd weniweni komanso kabayidwa kale. Pa tsiku lachinayi kanayamba kusanza, lachisanu kutsegula m'mimba mwa magazi, fungo lake loti simungaliiwale, ndipo lachisanu ndi chiwiri tinakakwirira kuseri kwa khola la nkhuku. Anali matenda a parvo. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, moti pakhomo pomwe pafera kagalu ndi matendawa si poti mubweretsepo kena kosabayitsa. Bungwe loteteza ziweto la LSPCA ku Lilongwe lakhala likulimbana ndi malonda a pamsewuwa, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mukagula kamodzi chifukwa cha chisoni, mawa pamalo pomwepo pamabwera tiwiri.

Kagalu kamafunanso katemera wobwerezabwereza, kuyambira masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kenako pakapita masabata atatu kapena anayi aliwonse mpaka kafike pafupifupi masabata 16, kuphatikiza wa chiwewe kakakwana miyezi itatu. Onjezani mankhwala a njoka za m'mimba, kenako kufula kapena kutseketsa. Kagalu kaulere kamadya ndalama zambiri m'chaka choyamba kuposa galu wamkulu wolipira.

Kwa galu ngati Bulaki, njira iyi ndinaikana, ngakhale mwana wanga sanandilankhule masiku awiri.

Galu wamkulu wochokera kumalo osungira agalu

Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti m'Malawi muno muli malo oterewa. Ku Lilongwe kuli LSPCA, yomwe inayamba mu 2008, ndipo ku Blantyre kuli BSPCA. Mabungwewa amalandira agalu otayidwa, ozunzidwa kapena osiyidwa ndi eni ake, n'kuwafunira makomo atsopano. Achibale athu omwe ali ku Johannesburg kapena Cape Town ali ndi nthambi za SPCA pafupi, ndipo omwe ali ku Britain ali ndi Dogs Trust komanso Battersea ya ku London, yomwe yakhalapo kuyambira 1860. Kumeneko malamulo ndi okhwima, ndipo kuyambira 2016 galu aliyense ku Britain amayenera kukhala ndi microchip, kachipangizo kakang'ono koikidwa pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini wake.

Ubwino woyamba wa galu wamkulu ndi woti zomwe mukuona ndi zomwe mutenge. Msinkhu wake ndi womwewo, khalidwe lake laoneka kale, ndipo ogwira ntchito pamalopo amuona tsiku ndi tsiku ali pakati pa agalu ena. Akhoza kukuuzani kuti uyu amalusa pa chakudya, uyu amaopa amuna ovala zipewa, uyu amathamangitsa nkhuku, uyu amangofuna mthunzi. Wogulitsa pamsewu sangakuuzeni zimenezi, ndipo ngakhale aneba sangakuuzeni za kagalu ka masabata asanu ndi atatu, chifukwa nakonso sikanadziwe kuti kadzakhala kotani. Kachiwiri, mabungwe oterewa nthawi zambiri amapereka galu atamubaya katemera ndi kumutseketsa kubereka. Ndalama yomwe amapempha ndi yobwezera zimenezo. Funsani khadi la katemera ndipo muliwerenge madeti ake. Kachitatu, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, mukhoza kupempha kuti galu wanu akumane ndi mlendoyo musanalonjeze kanthu, komanso kufunsiratu ngati adzamulandirenso zikakanika.

Zovuta zake musazichepetse. Mbiri ya galu wotere siidziwika yonse. Wina anakulira pa tcheni, wina anagendedwa ndi miyala, wina analimbirana chakudya ku dzala, ndipo zipsera zimenezo sizioneka pa tsiku loyamba. Galu akakhala m'khola la pamalo osungira amakhala ngati munthu yemwe ali m'chipatala: ena amazizira kuposa mmene alili, ena amapenga kuposa mmene alili. Khalidwe lenileni limatuluka akazolowera. Osunga agalu amakonda kunena za masiku atatu, masabata atatu ndi miyezi itatu: masiku atatu a mantha, masabata atatu ophunzira dongosolo la pakhomo, miyezi itatu kuti adzione kuti ndi wa pano. Si lamulo la sayansi, koma likuthandizani kuti musaweruze msanga, kaya mokomera kapena moipira.

Tsono mawu oti galu wamkulu ndi otambalala kwambiri. Galu wa pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndi chaka ndi theka ndi wamkulu m'thupi basi. Otere ndi ambiri m'malo osungira agalu, chifukwa ndi msinkhu womwe eni ake amatopa nawo: kukumba maluwa, kutafuna nsapato, kukoka zovala pa chingwe. Kwa nkhalamba, ameneyu ndi woipa kuposa kagalu, poti ali ndi phuma la mwana ndi mphamvu za wamkulu. Galu wa zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi ndiye wapakatikati. Moto waunyamata wazirala, amadziwa kumva galu mnzake akati ndisiye, koma akadali ndi zaka zambiri kutsogolo, ndipo usiku akhozabe kuuwa pomwe nkhalamba yagona. Galu wokalamba mnzake, wa zaka zisanu ndi zitatu kupita mtsogolo, ndi amene amagwirizana ndi nkhalamba pa liwiro la moyo: kuothera dzuwa la m'mawa, kuyenda pang'ono, kugona. Agalu otere amakhalitsa kumalo osungira chifukwa palibe owafuna, ndipo kumutenga ndi chifundo chenicheni. Koma werengerani bwino thumba ndi mtima wanu. Mudzakhala ndi odwala awiri nthawi imodzi, ndipo mwina maliro awiri m'chaka chimodzi. Ngati m'nyumba muli ana omwe angolira kumene galu wina, liganizireni kawiri.

Ife titapita ndi Bulaki kumalo ena otere, maso anga anagwera pa galu wamphongo wa chaka chimodzi, wakuda, wachifuwa chotambalala, wooneka kuti wakuba akangomuona abwerera. Atamutulutsa, anathamangira Bulaki n'kumuika miyendo yakutsogolo pamsana. Bulaki anauma thupi lonse, mlomo n'kukwera, mano onse poyera. Mtsikana yemwe ankatithandiza anamubweza osanena kanthu, kenako anatulutsa galu wamkazi wofiirira, wachikuda wamba ngati omwe mumawaona pa msika uliwonse, khutu limodzi logwa, wa zaka ngati zisanu. Sanathamangire kwa Bulaki. Anazungulira cha patali, kununkhiza udzu, kenako kumununkhiza kumchira pang'ono n'kuchoka. Patapita kanthawi Bulaki ndiye anadzuka kukanunkhiza pomwe iye anakodza. Mtsikana uja anaseka n'kunena kuti, "Abambo, amene mwamukonda inu ndi uja, koma amene agogowa amulola ndi uyu."

Agalu achikudawa tisamawanyoze. Thupi lawo ndi lapakatikati, amapirira kutentha kwa mu October, ndipo ambiri anakula pakati pa agalu ena, choncho chilankhulo cha agalu amachidziwa kuposa galu wodula yemwe anakulira yekha mumpanda.

Galu wa anthu amene akusamuka

M'mizinda ngati Lilongwe, komwe anthu a m'mabungwe ndi m'maofesi a akazembe amabwera ndi kupita, pa WhatsApp ndi pa Facebook sipasowa uthenga wa banja lomwe likuchoka m'dziko ndipo likufunira galu wawo khomo. Amakhalaponso anzathu omwe asamutsidwa kuntchito kapena apeza nyumba yomwe a landilodi salola ziweto. Pa mbiri, njira iyi imaposa zonse: mukhoza kufunsa zomwe amadya, komwe amagona, matenda omwe anadwalapo, ngati anakhalapo ndi galu wina, ndipo khadi la kwa vetenale limakhalapo. Vuto ndi loti munthu amene ndege yake ikunyamuka Loweruka sanganene kuti galu wake analumapo mwana wa aneba. Komanso akangonyamuka mulibe kobweza. Ngati mwasankha njira iyi, pemphani kuti galu abwere kwanu eni ake akadali m'dziko, pakhale masabata awiri kapena atatu oyesera. Funsaninso moyo womwe anazolowera. Galu amene ankagona pa sofa ndi kudya chakudya cha m'thumba cha kusitolo sangasinthe tsiku limodzi kuyamba kugona pakhonde ndi kudya phala la mgaiwa ndi bonya. Amalira usiku wonse, ndipo womumva woyamba ndi nkhalamba yanu.

Galu wodzitolera nokha

Pali galu uja amabwera pa geti madzulo aliwonse, nthiti zikuwerengeka, ndipo galu wanu samuuwa. Mtima umati ameneyu Mulungu wachita kumutumiza. Nthawi zina amakhaladi bwenzi labwino, poti awiriwo anasankhana kale kudzera pa mpanda. Koma pa njira zonse, iyi ndi yomwe ili ndi chiopsezo pa moyo wa anthu. Chiwewe m'dziko muno si nthano. Bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015 chifukwa cha ana omwe ankafa ndi matendawa, ndipo m'chaka choyambacho linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, pofuna kufikira agalu 70 pa 100 aliwonse, mlingo womwe umadula kufala kwa matendawa. Galu amene walumidwa ndi wachiwewe akhoza kukhala masabata kapena miyezi akuoneka bwinobwino. Simungadziwe poyang'ana. Onjezani mphere, utitiri, nkhupakupa, njoka za m'mimba, ndi chotupa china cha kumaliseche chomwe agalu oyendayenda amapatsirana pokwerana. Nkhalamba chitetezo chake cha m'thupi n'chofooka kale.

Ngati mwatsimikiza mtima, choyamba funsani m'dera ngati alibe mwini, chifukwa agalu ambiri oyendayenda ali ndi kwawo. Kenako apite kwa a vetenale asanalowe mumpanda, ndipo iwo ndi amene akuuzeni nthawi yomwe akhale payekha, osakhudzana ndi galu wanu kapena ana. Wina akalumidwa kapena kukandidwa pa nthawiyi, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuyamba mwasunga mongoyembekezera

Mabungwe ena amalola kuti musunge galu kwa kanthawi pomwe akumufunira khomo lokhazikika. Ngati mwayi wotere ulipo, palibe njira ina yomwe ingakuuzeni zoona kuposa iyi, poti mayeso ake akuchitikira pakhonde panu pomwe. Zikayenda mumamutenga, zikakanika mwathandizabe galu kwa masabata angapo ndipo palibe amene walakwa. Choipa chake n'chimodzi: ana a pakhomo sadziwa mawu oti mongoyembekezera.

Kusatenga galu aliyense

Njira iyi anthu saiwerengera, koma kwa agalu ena ndiyo yachifundo kuposa zonse. Galu amene moyo wake wonse sanakondepo agalu ena sasintha chifukwa wakalamba. Galu wakhungu kapena wogontha amadzidzimuka mnzake akamufikira mosayembekezera. Galu amene wayamba kusokonekera mutu ndi ukalamba, uja amazungulirazungulira usiku kapena kuima pakona ngati waiwala njira, amafuna kuti zinthu zikhale momwe zinalili. Ndipo galu amene a vetenale akuti watsala ndi miyezi yochepa musamupatse ntchito yolandira mlendo. Agalu ena mnzawo akafa amachita kumasuka, makamaka ngati womwalirayo ndiye ankalamulira mbale ndi mthunzi. Mukaona nkhalamba ikudya bwino, ikukulondolani, ikugona mwamtendere, ndiye kuti kusungulumwa kuli mwa inu. Chomwe galu wotere amafuna ndi nthawi yanu: kuyenda naye pang'ono m'mawa kusanatenthe, kumusuntha agone pafupi ndi khomo lakukhitchini komwe kumadutsa anthu, chiguduli chochindikala m'miyezi ya June ndi July.

Wamphongo kapena wamkazi, wamkulu bwanji

Apa ndidutsa mwachangu. Wamphongo ndi wamkazi amagwirizana mosavuta kuposa amphongo awiri kapena aakazi awiri, ndipo ndewu za aakazi awiri zikayamba zimavuta kuzithetsa. Koma wamkaziyo akhale wotseketsa. Akapanda kutero, kawiri pachaka agalu onse a m'dera adzasonkhana pa geti panu, nkhalamba idzasiya kudya, ndipo pakatha masiku ngati 63 mudzakhala ndi tiagalu tisanu tomwe simunatifune. Pa msinkhu, mlendo asapose nkhalamba kwambiri. Boerboel wosewera, wopanda choipa chilichonse mumtima, akhoza kuthyola chiuno cha galu wamng'ono wokalamba pongomugwera.

Werengeraninso malo ndi thumba. Agalu awiri ndi mbale ziwiri, katemera wa awiri, mankhwala a nkhupakupa a awiri. Ngati mumakhala mumpanda umodzi ndi mabanja ena, kapena nyumba ndi ya lendi, funsani musanabweretse.

Tsiku lokumana ndi masabata oyamba

Mukhoza kusankha galu woyenera n'kuwononga zonse pa tsiku loyamba. Cholakwika chachikulu ndi kutsitsa mlendo m'galimoto pakati pa bwalo n'kuima pambali kuti tione zitha bwanji. Bwalo limenelo ndi la nkhalamba. Akumane kunja, pamalo omwe si a aliyense, ngati pa bwalo la mpira kapena mumsewu wa fumbi wopanda magalimoto, m'mawa kapena madzulo. Pakhale anthu awiri, aliyense ndi galu wake pa chingwe chosakoka. Musawayang'anitse maso ndi maso. Yendani mbali imodzi, motalikirana, n'kumayandikirana pang'onopang'ono. Alekeni anunkhizane kumchira kanthawi kochepa, kenako pitirizani kuyenda. Thupi lomasuka, kununkhiza pansi, kuyang'ana kumbali, zonsezo ndi zabwino. Thupi louma, mchira woima njo, ubweya wa pamsana wonyamuka, kuyang'anitsitsa osaphethira, pamenepo talikiranani. Kugwedeza mchira pakokha si umboni wa mtendere. Mukabwerera, lowani pa geti limodzi.

Musanafike, chotsani mafupa onse pabwalo. Azidya motalikirana, osaonana, ndipo mbale zichotsedwe akamaliza. Nkhalamba imadya pang'onopang'ono chifukwa cha mano, ndipo beseni limodzi la agalu awiri, monga timachitira ambiri, limatanthauza kuti wina akunenepa wina akuwonda. Madzi aikidwe malo awiri. Pogona pakhale pawiri, ndipo pa nkhalamba pasasinthe. Ngati masana mumatsekera agalu m'khola n'kumawamasula usiku, musawatsekere m'khola limodzi laling'ono, komanso musasiye mmodzi pa tcheni wina ali womasuka, chifukwa galu amene alibe kothawira amamenya nkhondo. Masabata oyamba asatsale awiriwiri popanda munthu. Zonsezi muwafotokozere amene amakhala pakhomo masana, kaya ndi antchito, mlonda kapena ana, chifukwa nthawi zambiri iwo ndi amene amagawa chakudya inu muli kuntchito. Ndewu ikabuka, musaike dzanja pakati. Thirani chidebe cha madzi kapena lowetsani thabwa pakati pawo.

Nkhalamba ikaonetsa mano kapena kulira chakukhosi pomwe mlendo wafika pafupi kwambiri, musaikalipire. Ikulankhula. Galu amene mwamuletsa kuchenjeza amadzaluma osachenjeza. Chomwe muyenera kuyang'ana ndi mlendoyo: akabwerera m'mbuyo, zinthu zili bwino. Akaumirira tsiku ndi tsiku, kapena mukaona nkhalamba yasiya kudya, ikubisala, ikuopa kudutsa pakhomo pomwe mnzake wagona, kapena magazi atuluka kawiri, bwezani galuyo. Si manyazi, ndipo n'chifukwa chake munafunsiratu za kubweza.

Wofiirira uja tinamutcha Mwayi. Masiku anayi oyamba anakhala pansi pa galimoto, akutuluka usiku wokha kukadya. Bulaki ankachita ngati palibe chomwe chachitika. Sabata yachiwiri analimbanapo kamodzi, chifukwa cha mutu wa nsomba womwe mwana anaponya pawindo la kukhitchini, phokoso lambiri koma bala panalibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha kunatsala pang'ono kundithera, moti nambala ya mtsikana uja ndinaitsegulapo kawiri pa foni. Mu sabata yachisanu ndi chimodzi, cha m'ma 2 koloko usiku, ndinamva Mwayi akuuwa kugeti. Panadutsa kamphindi, kenako kuseri kwa nyumba kunamveka mawu osasa a Bulaki akuvomera.

Mpaka pano sasewera limodzi, ndipo aliyense ali ndi chiguduli chake. Cha Mwayi tinachiyala cha kumapeto kwa khonde, koma m'mawa uliwonse timachipeza atachikokera pakati, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa cha Bulaki.